Bokosi la Maliro ndi Buku la Bajeti

Aliyense amene anagonapo kunyumba kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo pa masiku amene mwini nyumbayo ali kumudzi, adziwa kuti pakhomo potere tambala sakhala ndi ntchito, pakuti nthanda isanazime, mame akadali mbuu pa udzu, pakhonde pamakhala patadzaza kale anthu amene ena mwa iwo anyamuka kwawo pakati pa usiku. Pali mayi wofunda chitenje, m'manja muli kalata ya kusekondale yonena kuti mwana asabwerenso wopanda fizi. Pali nyakwawa ndi ndodo yake, yodzakumbutsa za mjigo umene unafa dzinja lathali. Pali anyamata a mpira ofuna yunifomu. Ndipo chapatali pang'ono akhala amuna awiri ozolika, amene nkhope zawo zapereka kale uthenga pakamwa pasanatseguke. Awa ndiwo amayamba kulowa, chifukwa zovuta siziima pamzere. Amanjuta, naomba m'manja, nati: "Olemekezeka, kwathu kwagwa zovuta. Thupi lili kuchipatala cha kuboma, koma tilibe bokosi, tilibenso galimoto."

Phungu wodziwa kumene adachokera sanena kuti alibe, ngakhale alibedi. Amapisa m'thumba, naitana dalaivala, nalonjeza kuti mawa akafika pasiwa ndi chipepeso, podziwa kuti pamene mwambo wa maliro udzafika polengeza amene athandiza, makutu a mudzi wonse adzakhala akudikira dzina lake, ndipo likapanda kumveka, nkhani idzayenda pamjigo ndi pachigayo kufikira tsiku la chisankho. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma mukatsegula malamulo oyendetsera dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, ndi kufunafuna pamene alembapo kuti phungu azigula mabokosi, mudzatopa chabe. Ntchito imene adamulembera ndiyo kupanga malamulo, kuyankhulira anthu ake, ndi kuyang'anira boma pa chuma chimene limatolera kwa anthuwo.

Ntchito yolembedwayi imachitikira kutali ndi maso a omusankha, mumzinda wa Lilongwe, m'nyumba imene boma la China lidamanga ndipo idatsegulidwa mu 2010. Kuyambira mu 2022 chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, pamene kale chinkayamba mu Julayi. Chotero nduna ya zachuma imabwera ndi bajeti yake mvula ili pakati, nthawi imene kumudzi nkhokwe zagwa ndipo opempha pakhonde paja achuluka koposa. Tsiku lowerenga bajeti ndi tsiku la ulemerero: mawailesi amaulutsa, a mbali ya boma amamenya matebulo, otsutsa amang'ung'udza. Koma phwando likatha, phungu amatsala ndi mabuku okhuthala odzaza manambala, amene ayenera kuwanyamula kupita nawo ku makomiti, kumene kwa masabata angapo akuluakulu a maunduna amaitanidwa kudzafotokoza chifukwa chake apempha zimene apemphazo, ndi kumene zidapita zimene adapatsidwa chaka chatha. Pambuyo pake nyumba yonse imakhala pansi ngati komiti imodzi, niyamba kuvomereza ndalama za unduna uliwonse paokhapaokha, kufikira bilu yololeza boma kutapa ndalama m'thumba lalikulu itadutsa.

M'nyumba imeneyi manja a phungu ndi omangika kuposa mmene anthu amaganizira. Gawo 57 la malamulo aja limaletsa nyumbayi kukambirana bilu yoika msonkho kapena yowonjezera mtolo pa thumba la boma popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya zachuma. Kotero phungu angathe kudandaula, kufunsa, kuchedwetsa, ngakhale kukana kumene, koma sangatenge cholembera ndi kuwonjezera yekha mlatho wa kwawo m'buku. Ndiponso nsima imene akukanganiranayo imafika patebulo ena atatemako kale. Bajeti ya 2024/25, imene nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Simplex Chithyola Banda, adapereka, inali ya pafupifupi K6 thililiyoni, koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi lidali la chiwongoladzanja cha ngongole zakale, ndalama zimene sizigula panado ngakhale mmodzi kapena choko cha mphunzitsi. Ndipo kwacha ikagwetsedwa mphamvu, monga idagwera ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, manambala a m'buku amakhala omwewo pamene mankhwala ndi mafuta zimene akadagula zachepa.

Apa ndipo ine ndiona kuti khonde lija ndi buku lija ndi nkhani imodzi, ngakhale tidazolowera kuziyesa ziwiri. Pakuti ambulansi ya kuchipatala chaching'ono ikaima pansi pa mtengo wa mango chifukwa mafuta a mwezi uno sadabwere, ndipo wodwala akanyamulidwa pa njinga ya kabaza kapena pangolo mtunda umene thupi lake silingapirire, imfa imene yabweretsa amuna awiri ozolika aja inayambira pa mzere wina wa m'buku, umene mwina udadutsa madzulo ena aphungu atatopa, popanda woufunsa. Bokosi limene phungu akugula lero ndi mwana wa mzere umenewo.

Idalipo nthawi imene Amalawi wamba adaidziwa bajeti ndi dzina, naililira ngati mvula. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atachoka m'chipani cha UDF mu 2005 ndi kuyambitsa DPP, aphungu ambiri adamutsatira, ndipo otsutsa, amene anali ochuluka m'nyumbamo, adaumirira kuti sipikala, a Louis Chimango, agwiritse ntchito gawo 65 ndi kuchotsa onse osintha chipani. Bwalo lalikulu la apilo litagamula mu Juni 2007 kuti gawolo ndi lovomerezeka, a MCP motsogozedwa ndi a John Tembo pamodzi ndi a UDF adati bajeti ya nduna ya zachuma, a Goodall Gondwe, idikire kufikira nkhani ya gawo 65 itatha. Ndipo chaka cha chuma chidayamba bajeti palibe, dziko likuyendera ndalama zongoyembekezera, pamene alimi anali kuda nkhawa ndi makuponi a feteleza, ophunzira ndi mabungwe akuchita zionetsero, mafumu akudandaula. Bajetiyo idadutsa mu Seputembala, ndipo chaka chotsatira mkangano womwewo udabwereranso. Otsutsa anali ndi mfundo yawo pa lamulo, sitingawalande. Koma pa chisankho cha 2009 anthu adapatsa DPP mipando yochuluka kwambiri, ndipo aphungu adaphunzira kuti wogwira bajeti pakhosi amaoneka ngati wagwira mlimi pakhosi. Ndiopa kuti ena adaphunzira mopitirira muyeso, nayamba kuyesa kuti kufunsa kulikonse ndi kutsekereza.

M'nyengo yomweyo, mu 2006, mudabadwa thumba la chitukuko cha m'madera, limene aliyense amangolitchula kuti CDF. Lidayamba ndi ndalama zochepa, koma lidakula kufika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndi K200 miliyoni mu 2024. Kwa phungu thumbali lidali ngati mana a m'chipululu, chifukwa tsopano anali ndi chinthu chogwirika choloza: kamlatho ka pamtsinje, chipinda chophunzirira, denga la malata pa chipatala cha ana. Zina mwa zimenezi zidathandizadi, ndipo amene adawolokapo mtsinje wosefukira atanyamula mwana kumsana sangazinyoze. Koma ndalamazo zimadzera ku khonsolo, kumene kuli bwanamkubwa ndi makhansala amene ntchito ya chitukuko cha m'madera ndi yawo, ndipo phungu atakhala wosankha ntchito ndi womanga, adasanduka wogwiritsa ntchito ndalama zomwe iye mwini ayenera kuzilondoloza. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu, litakhala ngati bwalo lomasulira malamulo a dziko, lidagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka thumbali, ndi kuvota kwawo m'makhonsolo, n'kosemphana ndi malamulo. Ndipo phokoso limene lidatsatira chigamulochi lidaposa limene timamva malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma akafika m'nyumbamo. Tisaiwale kuti K24 biliyoni yobedwa pa nkhani ya Cashgate, imene idaululika mu 2013, idatuluka m'maofesi a boma ku Capital Hill Nyumba ya Malamulo ili pomwepo, pamtunda woyenda ndi miyendo.

Sindidzudzula mayi wa kalata ya fizi uja, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu amene boma silidamufikirepo mwa njira ina adzagwira mkono wa boma umene uli pafupi. Alibenso chingwe china chokokera phungu wake: gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu eni ake adalifafaniza mu 1995. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma chipepeso cha pamaliro ndani angachiyese mlandu? Chotero anthu amasunga mangawa awo zaka zisanu, ndipo chisankho chilichonse aphungu ambiri, ogula mabokosi ndi osagula omwe, sabwerera. Madera adawonjezedwa kuchoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025, koma makonde sadachepe anthu.

Mukadzakhala m'chipinda cha alendo m'nyumbamo tsiku lina lovomereza ndalama za unduna wa zaumoyo, mudzayang'ane mipando ya kumbuyo. Mudzaona phungu wina buku lili chitsegukire patsogolo pake, chala chili pa mzere umene anafuna kufunsapo, foni ikunjenjemera m'thumba la jekete kachitatu, kachinayi. Potsiriza amawerama kwa wapampando, natuluka chakachetechete kukaima m'khonde la nyumbayo, kumene mawu a gulupu wa kwawo akumuuza kuti adzukulu akumba kale ndipo anthu akudikira bokosi. Amatumiza ndalamazo pafoni, nadikira uthenga wotsimikiza, napepesanso kawiri. Ndipo pobwerera pampando wake apeza wapampando waitana kale unduna wotsatira.