Liwiro lodukizadukiza m'nyengo yozizira ku Mchinji

Mu Juni ndi Julayi kuno ku Mchinji m'mawa kumazizira koopsa, koma anyamata amangofika pabwalo n'kuliyatsa liwiro. Ine ndimawaletsa. Mnofu wozizira suchedwa kukokeka, makamaka wakuseri kwa ntchafu. Yambani mwathamanga pang'onopang'ono mphindi 15, juzi ili m'thupi, mpaka kathukuta kaoneke.

Kenaka thamangani mamita 400 mwamphamvu, mamita 200 mwapang'onopang'ono, mubwereze kasanu ndi kamodzi. Popuma musakhale pa udzu wamame. Thupi limazizira msanga, miyendo n'kuuma.

Emil Zátopek wa ku Czechoslovakia, amene anapata mendulo zitatu zagolide ku Helsinki mu 1952, ankabwereza zimenezi kambirimbiri tsiku limodzi. Musamutsanzire kuchulukako. Kwa ongoyamba kumene, kawiri pa sabata n'kokwanira.