Kambalame kadathawa, akasupe nawo akutsatira

Mlendo wodutsa pamsewu wochoka paboma la Thyolo kupita ku Makwasa sangavomere kuti kuno madzi amavuta. Uku ndi uku kuli tiyi wobiriwira ngati wochita kupaka utoto, ndipo mvula imagwa yoposa mamilimita 1,000 pachaka, yomwe abale athu a kuchigwa cha Shire amangoilota.

Koma ikafika October, m'midzi yomwe idapanikizana kuseri kwa maesiteti, amayi amalawirira kusanache ndi zigubu. Zitsime zina zimangotsala matope, pamjigo mzere wa ndowa umatalika, ndipo amene wachedwa kumadzi wachedwanso kothyola tiyi kapena kumsika.

Mvula yonse ija imapita kuti? Yankho lili pamwamba pa phiri la Thyolo.

Kale phirili lidali ndi nkhalango yowirira, yosagwa masamba ngakhale m'chilimwe. Mudali kambalame kofiirira, koyera pakhosi, kokonda kutsatira linthumbu n'kumadya tizilombo tomwe tikuthawa. Akatswiri adakalemba m'mabuku mu 1927 n'kukapatsa dzina la boma lino lomwe, Thyolo alethe.

Mmodzi mwa omwe adayenda m'nkhalangoyi ikadali ndi moyo ndi mayi wa ku Belgium, katswiri wa mbalame, Françoise Dowsett-Lemaire. M'zaka za m'ma 1980 mayiyu adakwera mapiri ambiri a dziko lino akuwerenga mbalame ndi mitengo. Mu 2006 iye ndi mwamuna wake, Robert Dowsett, adatulutsa buku lotchedwa The Birds of Malawi, lofotokoza mitundu ya mbalame pafupifupi 650.

Pomwe bukuli limatuluka n'kuti nkhwangwa itamaliza ntchito. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000, pafupifupi nkhalango yonse ya paphiri idasanduka minda ya chimanga. Kachigawo kodziwika komwe kadapulumuka kali m'malo a esiteti ya Satemwa. Kambalame kaja lero n'kosavuta kukapeza ku Mozambique, monga paphiri la Mabu, kusiyana ndi kwawo komwe kadatengako dzina.

Wina anganene kuti mbalame sitimwa. N'zoona. Koma chomwe chimasunga kambalameko ndi chomwechonso chimasunga kasupe.

Pansi pa mitengo yachilengedwe pamakhala masamba ofota amene amamwa mvula n'kumailowetsa m'nthaka pang'onopang'ono. Madzi a January amenewo ndiwo amatumphuka pakasupe mu October. Nthawi ya chiperoni, masamba amakola nkhungu ija n'kumadonthetsera pansi, nthaka n'kumanyowa popanda mvula yeniyeni. Mukachotsa mitengo, mvula imangomenya dothi n'kuthamangira ku Nsuwadzi ndi ku Ruo tsiku lomwelo, itanyamula ndi chonde chomwe. Madzi amabwera ambiri panthawi imodzi, monga tidaonera ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, kenaka n'kusowa pomwe akufunika, monga m'chilala cha 2024.

Kuloza chala anthu omwe adadula mitengoyo n'kosavuta, koma munthu salima pamalo otsetsereka chifukwa chokonda. Malo abwino ambiri a Thyolo adalowa m'maesiteti nthawi ya atsamunda, ndipo mabanja akuchulukana pa timinda tomwe tidatsala. Njala ikakula, phiri limaoneka ngati munda wopanda mwini.

Nkhani yofanana ndi iyi adailemba mayi wina wa ku Kenya, malemu Wangari Maathai, m'buku la mbiri ya moyo wake. Pafupi ndi kwawo padali mkuyu waukulu ndi kamtsinje komwe ankatungako madzi ali mwana. Mkuyuwo udadulidwa kuti pabzalidwe tiyi, ndipo kamtsinjeko kadauma. Maathai adali ndi digiri yaudokotala pa sayansi, koma chomwe chidamuyambitsa bungwe la Green Belt Movement mu 1977 ndi madandaulo a amayi akumudzi osowa nkhuni ndi madzi. Mu 2004 adalandira mphotho ya Nobel.

Apa ndiye pali kusiyana kowawa. Za mbalame za paphiri la Thyolo zidalembedwa, chaka ndi chaka, m'Chingerezi. Za akasupe a ku Makwasa zili m'mitu mwa agogo aakazi, omwe angakuuzeni chitsime chomwe sichidaphwepo, chomwe chidayamba kuphwa atadula mibawa ya m'mphepete mwake, ndi chomwe chili pafupi kwambiri ndi bulugamu. Agogowo akapita, amapita nazo.

Chikhalirecho Makwasa si malo achilendo ku sayansi. Mishoni ya Malamulo ilipo kuyambira 1902, ndipo pasukulu yake ya zaumoyo atsikana amaphunzira kuyeza magazi ndi kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba, omwe amachuluka madzi abwino akasowa.

Ntchito ya Dowsett-Lemaire yambiri idali kuyang'ana, kuwerenga ndi kulemba tsiku. Kuyeza kasupe nakonso kumangofuna ndowa ya malita 20, wotchi ndi kope. Mtsikana wa Fomu 2 akamalemba mwezi uliwonse mphindi zomwe ndowa yatenga kuti idzaze, pakatha zaka zitatu amakhala ndi umboni woti komiti ya mudzi ingapite nawo kwa mfumu kapena kwa DC pokapempha mjigo ndi mbande.