Sayansi ya m'injini: zofunika kwa ophunzira a ku Thambani asanagwire sipanala

Ku Thambani, m'boma la Mwanza, njinga yamoto ya kabaza imathamangitsira wodwala kuchipatala ndi kufikitsa katundu kumsika. Ikawonongeka, oizungulira amakhala achinyamata, ena mwa iwo ophunzira a kusekondale, amene amatola umakaniko poonerera akuluakulu. Manja awo sachedwa kuzolowera. Chimene amasowa ndi munthu wowafotokozera zochitika m'kati mwa injini, komanso zimene ntchitoyi ingawononge m'thupi mwawo.

Injini ya petulo imagwira ntchito m'magawo anayi. Pisitoni imatsika n'kukoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, kenako imakwera n'kuupanikiza. Pulagi ikathetheka, petuloyo amayaka mwamphamvu n'kukankhira pisitoni pansi, ndipo mphamvu yoyendetsa matayala imachokera pamenepo. Pomaliza pisitoni imakweranso kutulutsa utsi. Nikolaus Otto wa ku Germany ndiye anakonza injini yotere mu 1876. Matiraki a dizilo amene amadutsa pachipata cha Mwanza kupita ku Zobue ndi Tete safuna pulagi yothetheka: mpweya ukapanikizika kwambiri umatentha mpaka dizilo amayaka yekha. Zonsezi ndi physics ndi chemistry zomwe ana amaloweza pokonzekera mayeso a MSCE.

Sayansi yomweyo ndiyo ingamupulumutse mwana. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Mpweyawu umakanirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako amakomoka, mwinanso kumwalira. N'chifukwa chake injini siyenera kulizidwa m'chipinda chotseka.

Chizolowezi chopopa petulo ndi pakamwa kudzera m'paipi n'choopsa. Petulo akalowa m'mapapo amawatupitsa, ndipo munthu amabanika. Amene wameza petulo asamusanzitse, chifukwa posanza ndi pamene petuloyo amalowera m'mapapo. Apite naye kuchipatala msanga.

Batire ili ndi asidi wowotcha khungu ndi kupha maso. Akagwera m'diso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 15 musananyamuke kupita kuchipatala. Poitchaja, batire imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto, ngakhale wa ndudu. M'batire mulinso mtovu, umene umawononga ubongo wa ana ndi impso za akuluakulu. Dziko lonse linasiya kugwiritsa ntchito petulo wa mtovu m'magalimoto mu 2021, koma mtovu wa m'mabatire otha ukadali pafupi ndi ife, makamaka pamene anthu amawaswa pabwalo posewerera ana.

Oyilo wakutha akamakhalitsa pakhungu amayambitsa zidzolo, ndipo m'kupita kwa zaka angayambitse khansa yapakhungu. Kusamba m'manja ndi petulo kumangowonjezera vutolo. Sopo ndi madzi ndiye njira. Chivindikiro cha lediyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha, chifukwa madzi opanikizikawo amakhala atapitirira madigiri 100. Ndipo palibe woyenera kulowa pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha.

Njira yopitirizira maphunzirowa ilipo. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji monga Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba, ndipo mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a luso m'madera. Galimoto zamakono zimayendetsedwanso ndi kompyuta, choncho makaniko wamawa afunika masamu ndi sayansi yamagetsi, kaya ndi mnyamata kaya mtsikana.

Koma mwana asadikire koleji kuti amve zimenezi. Injini imodzi yakutha, mphunzitsi wa sayansi ndi makaniko wodziwa ntchito wa m'deralo n'zokwanira kuyambitsa kalabu pasukulu. Makolo ndi makomiti a sukulu a ku Thambani angathe kuyamba pamenepo, ndipo phunziro loyamba likhale la kuteteza mapapo, maso ndi khungu la wophunzira.