Chess wa phingo: polishi asakupusitseni

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu umapherezera ngakhale pamsika wa ziboliboli, makamaka kwa yemwe akufuna kugula tizidole tosewerera chess tosemedwa pamanja.

Tizidoleti timakhala 32, ndipo ambiri amene amasema amatsata maonekedwe otchedwa Staunton, omwe kampani ya Jaques ya ku London idayamba kugulitsa m'chaka cha 1849. Kampaniyo inkasema toyera kuchokera ku mtengo wa boxwood pomwe takuda tinkachokera ku ebony. Mpaka lero, anthu okonda zinthu zamakedzana amalipira ndalama zambiri pogula tizidole totengera ta nthawiyo, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti: ndi mtengo wanji?

Kuno kwathu, mtengo umene osema amaudalira akafuna chinthu chakuda bii ndi phingo. Akamatsatsa malonda kwa alendo amautchula kuti ebony, ngakhale akatswiri a zomera amati ndi mtundu wina, Dalbergia melanoxylon. Phingo ndi wolimba, sachedwa kubunthitsa sompho, ndipo ndi wolemera moti mtima wake umamira m'madzi. Kunja amapangira zitoliro zodula monga clarinet.

Vuto ndi lakuti phingo amatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti akhwime. Posowa mtengowu, ena amasema mtengo wamba n'kuupaka polishi wa nsapato. Wogula amadzazindikira kunyumba, mfumu ndi hatchi zitayamba kuyererako m'mene mumagwira zala.

Nanga weniweni mungamudziwe bwanji? Nyamulani kachidole kamodzi, phingo amamveka kulemera m'dzanja. Katembenuzeni muone kunsi komwe polishi safika kawirikawiri, kapena kapukuteni ndi kansalu koyera. Mukaona kachigamba kotuwira m'mbali musadandaule, phingo amakhala choncho kufupi ndi khungwa. Onaninso ngati pali ming'alu chifukwa mtengo wosemedwa uli wauwisi umang'ambika ukayamba kuuma.

Tizidole tabwino timafunanso bokosi labwino, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza Mulanje. Kwa zaka zambiri, osema a pa Likhubula m'tsinde mwa phiri adatchuka ndi mabokosi a mkungudza. Mtengowu ndi wopepuka, umanunkhira, ndipo chiswe sichiuyandikira. Dziko lonse lapansi, umamera wokha m'phiri la Mulanje basi, ndipo udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lino m'chaka cha 1984.

Koma ubwino wake womwewo ndiwo udauputira tsoka. Ocheka matabwa mozemba, pamodzi ndi moto wolusa, adaupulula moti kafukufuku wa m'chaka cha 2017 adapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi ya boma yoona za nkhalango komanso anthu a m'midzi yozungulira phirili adabzala mbande zambirimbiri, koma kuti zidzafike pochekedwa papita zaka.

Malamulo nawo adakhwima. Pangano la maiko la CITES lidaika phingo m'gulu la mitengo yosatuluka m'dziko mwachisawawa kuyambira 2017, ndipo mkungudza udalowa m'gululi mu 2019. Mlombwa ndi mbawa zidatsatira mu 2023. Mu 2025, bungwe la Unesco lidaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse.

Choncho wogula wanzeru masiku ano asamangofunsa ngati mtengo uli weniweni, afunsenso komwe udachokera. Bokosi latsopano lonunkhira mkungudza liyenera kumudabwitsa, osati kumusangalatsa.

Osema nawo ali ndi mbali yawo. Chess wosemedwa mwaluso kuchokera ku mtengo wopezeka movomerezeka, wouma bwino, n'kugulitsidwa m'dzina lake lenileni, sangamuchititse manyazi mwini wake. Koma mlendo wopusitsidwa ndi polishi sabweranso, ndipo akafika kwawo amakauza anzake.