Mkaka wabwino umayambira m'khola

Ana ambiri a m'tauni ya Zomba mkaka amaudziwa uli kale m'paketi. Mukawafunsa komwe umachokera, ena amati kugolosale. Tsiku lina mukadzapita nawo ku Lilongwe, mudzawaonetse makola a ku Bunda, sukulu ya zaulimi ya LUANAR yomwe ili cha ku Mitundu. Muyambe mwapempha chilolezo, poti nsapato za alendo zimatha kubweretsa matenda m'khola.

Kuli mbuzi, nkhuku ndi nkhumba (izi n'zongoona basi kwa ife), koma mukachedwe pa ng'ombe za mkaka. Wokama wodziwa ntchito amasamba m'manja, amatsuka bere ndi madzi ofunda, ndipo mkaka woyamba amaukamira padera kuti aone ngati muli timibulu kapena magazi, zizindikiro zoti bere ladwala. Ng'ombe ikabayidwa mankhwala, mkaka wake sagulitsa mpaka masiku oikika atakwana.

Koma amene amatibweretsera mkaka m'zigubu ku Chinamwali kapena ku Matawale sitimuona akukama. Ng'ombe yonenepa bwino imatha kukhala ndi TB kapena brucellosis, matenda omwe amalowa mwa munthu akamwa mkaka wosawiritsa. Wa m'chigubu uja muziuwiritsa mpaka ufufume, n'kuusunga wovindikira, usanafike m'kapu ya mwana.