Adiresi ya mnzanu si yanu yoti muzigawa

Pamwamba pa imelo iliyonse, kaya ndi ya Gmail kapena Outlook, pamakhala mizere itatu: To, Cc ndi Bcc. Ambiri amathira maina paliponse pamene chala chagwera, osadziwa kuti posankha mzere akusankhanso amene adzaone maina a anzake. Pa To pamalembedwa munthu amene mukufuna kuti achitepo kanthu. Pa Cc pamapita amene mukungomudziwitsa, monga kale mlembi ankaikira pepala la kaboni potaipa kuti kalata ina ipite kwa bwana, ndipo dzina lake limaonekera kwa onse. Wa pa Bcc nayenso imamufika yonse, amawaona a pa To ndi a pa Cc, koma iwowo samuona, ndipo ngakhale a pa Bcc okhaokha sadziwana. Choncho anthu akakhala osadziwana, kuwaika poyera n'kugawa chinthu chomwe si chanu.

Wina angati adiresi ya imelo ili ndi chinsinsi chanji, poti anthu amaisindikiza okha pa makadi. Zimene zinachitika ku London mu Seputembala 2015 zikuyankha. Chipatala cha 56 Dean Street, chomwe chimathandiza anthu okhala ndi HIV, chinatumiza kalata ya nkhani zake kwa anthu pafupifupi 780, maadiresi onse ali pa To m'malo mwa Bcc. M'kalatamo munalibe zotsatira za magazi a munthu aliyense, koma maadiresi ambiri anali ndi dzina ndi mfunda womwe, ndipo kungopezeka pa mndandanda umenewo kunali kokwanira kuti wina akuganizire. Bungwe la ICO, loteteza zinsinsi za anthu ku Britain, linalamula eni chipatalacho kulipira chindapusa cha mapaundi 180,000. Mu Seputembala 2021, a Taliban atangolanda Kabul, unduna wa zachitetezo wa Britain unalakwitsa chimodzimodzi polembera anthu 245 a ku Afghanistan ofuna kusamutsidwa. Awiri mwa iwo anayankha kwa onse, mmodzi mpaka kutchula kumene anali. Chindapusa chinali mapaundi 350,000, koma apa chomwe chinali pachiswe ndi miyoyo. Nthawi zina mndandanda wa maina umaulula zambiri kuposa kalatayo.

Dandaulo lomveka ndi la amene amati Bcc ndi ukazitape, ndipo mu ofesi akunena zoona. Kudzudzula wantchito mnzanu mutabisa bwana pa Bcc n'kumutchera msampha, pakuti iye ayankha akuganiza kuti muli awiri. Msamphawo suchedwanso kukola mwini wake: bwanayo akangodina Reply all, yankho lake lipita kwa onse a pa To ndi pa Cc, ndipo zadziwika kuti anali kumvetsera. Ngati bwana ayenera kudziwa, muikeni pa Cc aoneke, kapena m'tumizireni kalatayo payokha pambuyo pake. Koma zimenezi sizikupha Bcc. Funso ndi lakuti kubisako kukuteteza ndani. Kukateteza olandira, monga makolo a ana asukulu kapena ofunsira ntchito imodzi, n'koyenera. Kukateteza wolemba yekha, kuli kanthu kumbuyo. Olandirawo amapumanso ku mayankho a "zikomo, ndalandira" ochokera kwa anthu osawadziwa, chifukwa yankho la kwa onse silifika kwa a pa Bcc.

Komabe Bcc imadalira chala cha munthu wotopa kuti chisaphonye mzere, ndipo ku London kuja chinaphonya. N'chifukwa chake ICO imalangiza kuti nkhani zovuta ngati zaumoyo zisamadalire Bcc, koma zitumizidwe kwa munthu mmodzimmodzi kapena kudzera pa mapulogalamu opangidwira kutumiza makalata ambiri. Inu amene mumasunga mndandanda wa odwala, angongole kapena mamembala a bungwe, musanadine Send, yang'anani kaye mzere umene mwaikapo maina.