ZIPANGIZO ZA PAMOTO ZIMENE ZINASANDUKA CUMA

KU ENGLAND kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri pogula mbaniro yakale ya makala kapena kafosholo kowolera phulusa, osati kuti akagwirire nchito ai, koma kuti akakongoletsere nyumba.

Dzikolo ndi lozizira kwambiri, ndipo kale moto unali kusonkhedwa m'kati mwa nyumba, pa malo omangidwa m'cipupa, utsi nkumatulukira ku cumuni. Pamenepo ndi pamene banja linali kuothera moto ndi kulandirira alendo. Cifukwa cace mwini nyumba anali kufuna kuti ciri conse ca pamotopo cikhale cooneka bwino.

Panali zitsulo ziwiri zosanjikapo nkhuni, zogwira nchito yonga ya mafuwa. Panali cochinga cacitali coika patsogolo kuti makala asagwere pansi ndi kutentha nyumba. Panalinso cosonkhezera moto, mbaniro, fosholo ndi ndowa ya malasha.

Zambiri mwa izi zinali za mkuwa wacikasu, umene umapangidwa posungunula pamodzi magawo awiri a mkuwa ndi gawo limodzi la zinki. Citsulo cimeneci sicicita dzimbiri monga khasu, ndipo cikapukutidwa cimawala ngati golide. M'caka ca 1738 William Champion wa ku Bristol anapeza njira yoyengera zinki, ndipo m'zaka za m'ma 1800 mzinda wa Birmingham unachuka pa nchito ya mkuwa wacikasu.

Mmisiri anali kuyamba wasema cithunzi pa mtengo, nacidinda mu mcenga wonyowa, nathira citsulo cosungunuka m'cikombolemo. Cikazizira anali kucipala ndi tupa, nalembapo maluwa, masamba kapena mapazi a mkango. Koma kuwala kwace kunali thukuta la atsikana anchito, amene anali kulawirira m'mamawa kucotsa mwaye ndi kupukuta.

Mu December 1952 utsi wa malasha unakuta mzinda wa London ndi kupha anthu zikwizikwi. M'caka ca 1956 boma linaika lamulo locepetsa utsi m'mizinda, ndipo pang'ono ndi pang'ono mabanja ambiri anasiya kuotha malasha. Moto unazima, koma zipangizo zace sizinatayidwe. Zina zikusungidwa ku Victoria and Albert Museum mu London, zina zimagulitsidwa m'masitolo a zinthu zakale. Popeza ziripo zatsopano zopangidwa motsanzira, ogula ocenjera amayang'ana mikwasa ya tupa ndi malo operepeseka ndi manja.

Zitsulo ziwiri zonsezi nthaka ya Zambia inazipereka: mkuwa ku Copperbelt, ndi zinki ku mgodi wa Kabwe umene unatsekedwa mu 1994. Zambiri mwa zipangizo zakalezo zinasulidwa migodi imeneyi isanatsegulidwe, komabe ziri ndi phunziro. Mkuwa wosasula umagulidwa pa sikelo, koma ukapita m'manja mwa mmisiri, mtengo wace umakhala wa luso, ndipo zidzukulu zimaupeza.